Mafunso a Owerenga: Kodi mbiri ya usilikali wa bambo anga ndingaipeze kuti?

Mwezi wa Novembala ukamayandikira, mwezi umene maiko ambiri amakumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo ziwiri zikuluzikulu, makalata ambiri obwera ku tsamba lino amakhala ofunsa za makolo amene anavalapo yunifolomu. Chaka chino tasankhapo atatu. Yoyamba taipatsa malo ochuluka chifukwa yankho lake likukhudza pafupifupi onse amene anatilembera.

FUNSO

A Mkonzi, ndine mayi wa zaka 67. Bambo anga anamwalira mu 1989, ndipo chimene tonse m'banja mwathu tinkadziwa n'chakuti anali msilikali wa Keyala amene anakamenyana ndi Ajapani ku Burma. Sankakonda kusimba za kumeneko, moti tikawafunsa ankangotchula mvula ndi matope, kenako n'kusintha nkhani. Chaka chatha, tikulongosola katundu wa malemu mayi athu, tinapeza kabokosi kachitsulo momwe munali mamendulo anayi, chithunzi chimodzi cha bambo ali mu yunifolomu, ndi kabuku kong'ambika kamene chiswe chinadya mbali ina. Pa mamendulowo palibe dzina, ndipo mchimwene wanga akuti mwina bambo anangowatola kapena anapatsidwa ndi mnzawo. Ndinapita ku ofesi ina kukafunsa, koma anangoyang'ana pa kompyuta n'kundiuza kuti dzinalo kulibe. Ndikufuna adzukulu anga adziwe zoona. Kodi ndiyambire pati?

YANKHO

Amayi, tiyambe ndi kuchotsa chikayiko cha mchimwene wanu, chifukwa chimenecho n'chosavuta. Mamendulo amene boma la Britain linapereka kwa asilikali ake chifukwa cha nkhondo ya 1939 mpaka 1945 ankaperekedwa opanda dzina, kaya wolandirayo anali mzungu wa ku London kapena msilikali wa King's African Rifles (KAR), gulu limene kwathu timalitcha Keyala. Maiko ochepa okha, monga South Africa, India ndi Australia, ndiwo ankadinda maina pa mamendulo a asilikali awo. Choncho kusowa kwa dzinako si umboni wakuti mamendulowo ndi a munthu wina.

Komanso mamendulo opanda dzinawo amalankhulabe. Ayang'anitsitseni. Ngati pali yooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi yolembedwa kuti The Burma Star, imene kansalu kake n'kofiira pakati ndipo m'mbali mwake muli mizere ya buluu ndi ya olenji, ndiye kuti mwini wake anatumikira ku nkhondo ya ku Burma, dziko limene lero ndi Myanmar, nthawi ina pakati pa Disembala 1941 ndi Seputembala 1945. Ngati palinso The Africa Star, ya kansalu kooneka ngati mchenga, ndiye kuti bambo analowa usilikali msanga, chifukwa asilikali a kum'mawa kwa Africa ankailandira chifukwa chomenyana ndi Ataliyana ku Kenya, Somaliland, Eritrea ndi Abyssinia (Ethiopia), nkhondo imene inatha pamene mzinda wa Gondar unagonja mu Novembala 1941. Ngati nyenyezi imeneyi palibe, n'kutheka kuti analembedwa pambuyo pa chaka chimenecho. The 1939–1945 Star inkafuna kuti msilikali akhale miyezi isanu ndi umodzi kudera la nkhondo, pamene War Medal, yozungulira ija yokhala ndi mkango woponda chinjoka, inkaperekedwa kwa aliyense amene anatumikira masiku 28. Mukangoika mamendulo anayiwo pa tebulo n'kuwawerenga chonchi, mukhala mutayamba kale kudziwa zaka zimene muyenera kufufuza.

Tsopano pa nkhani ya ofesi imene inakubwezani. Sindikudabwa kuti dzina silinapezeke, ndipo ndikukupemphani kuti musataye mtima nazo, chifukwa gulu lankhondo silidziwa munthu ndi dzina, limamudziwa ndi nambala. Msilikali aliyense ankapatsidwa nambala tsiku limene analembedwa, nthawi zina yoyamba ndi zilembo, ndipo nambala imeneyo ndiyo inkalembedwa pa malipiro ake, pa khadi lake la kuchipatala, pa mlandu uliwonse umene anapalamula ndi pa chikalata chomutulutsa usilikali. Dzina linali lotelera. Kalaliki kapena msilikali wachizungu ankalemba mmene wamvera ndi khutu, moti dzina limodzi likhoza kupezeka litalembedwa mitundu itatu m'mapepala a munthu mmodzimodzi. M'mabataliyoni a ku Nyasaland malamulo ankaperekedwa m'Chinyanja ndipo akuluakulu achizungu ankayenera kuchiphunzira, koma kudziwa kulamula anthu pa pelete si kudziwa kulemba maina awo molondola. Anyamata ambiri ankalembetsa dzina lawo laubwana lotsatana ndi dzina la bambo awo, osati dzina la banja limene ana awo akugwiritsa ntchito lero. Ena anabatizidwa atabwerako ndipo anatenga dzina latsopano. Enanso ankanama dala dzina ndi zaka, mwina chifukwa anali aang'ono, mwina chifukwa makolo anali atawakaniza. Ndiye ngati munapereka ku ofesiko dzina limene linalembedwa pa manda a bambo, n'kutheka kuti munkafunsa za munthu amene m'kaundula wa asilikali sanakhalemo ndi dzina limenelo.

Chifukwa cha ichi, chuma chenicheni m'kabokosi kanu si mamendulo koma kabuku kodyedwa ndi chiswe kaja. Musakamate ndi selotepi kapena guluu, ndipo musakapite nako kokaika pulasitiki yotentha ija, chifukwa zimenezi zimawononga inki ndipo sizibwezeka. Kajambuleni tsamba ndi tsamba ndi foni pa kuwala kwa masana, ngakhale masamba amene akuoneka opanda kanthu, kenako kakulungeni m'pepala loyera n'kukasunga pouma. Pa zithunzizo funanipo zinthu zinayi: nambala, dzina la gulu, tsiku lolembedwa ndi tsiku lotulutsidwa. Ngakhale mutapeza manambala atatu okha otsala pa asanu, alembeni. Chithunzi cha bambo nachonso chitembenuzeni, chifukwa asilikali ambiri ankalemba nambala yawo kuseri, ndipo kutsogoloko yang'anani mizere ya pa mkono: umodzi ndi lansi kopolo, iwiri ndi kopolo, itatu ndi sajeni.

Dzina la gulu likufunika chidwi chapadera. Anthu kwathu amati Keyala potchula msilikali aliyense wa nthawi ya atsamunda, koma si onse amene anali mu King's African Rifles. Ambiri anali oyendetsa galimoto mu East African Army Service Corps, ena anali owombera mizinga mu East African Artillery, ena omanga milatho, ena a zachipatala, ena a mauthenga, ndipo ena anali m'magulu a ntchito zamanja monga East African Military Labour Service. Amene nkhondo inawapeza ali kunja pa ntchito ankatha kulembedwa mu Northern Rhodesia Regiment, mu Rhodesian African Rifles kapena mu Native Military Corps ya ku South Africa, ndipo mapepala a amenewo ayenera kufunidwa ku dziko limene analembedwerako. Ngakhale mu Keyala mwenimwenimo, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri ndizo zinali za ku Nyasaland, pamene zina zinali za ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Nkhondo itakula mabataliyoni anachulukitsidwa ndipo maina awo anasinthidwa mkati mwa nkhondo momwemo, kotero kuti imene poyamba inkalembedwa 2/2 KAR inadzatchedwa 22 KAR. Wofufuza wosadziwa zimenezi amaganiza kuti kholo lake linasamutsidwa, pamene linali pomwepo, dzina la gulu lokha ndilo linasintha.

Musanalembe kalata ku ofesi iliyonse, chitani kaye ntchito imene singadikire. Mapepala amene apulumuka zaka makumi asanu ndi atatu akhoza kudikira chaka china, koma azakhali anu a zaka 90 sangadikire. Pitani kwa aliyense wamkulu amene anawadziwa bambo ali mnyamata, mukhale naye pansi, ndipo mumujambule mawu ngati walola. Musafunse funso lalikulu lakuti bambo anachita chiyani ku nkhondo, chifukwa yankho lake limakhala lakuti anamenya nkhondo. Funsani zing'onozing'ono: dzina limene ankaitanidwa nalo asanapite, anzawo amene ananyamuka nawo tsiku limodzi, ngati anapita asanakwatire kapena atakwatira, mwana amene anabadwa iwo ali komweko, chilonda chimene anabwera nacho, mawu achilendo amene ankakonda kutchula. Dzina la mnzawo mmodzi likhoza kukutsegulirani njira, chifukwa anthu olembedwa tsiku limodzi pamalo amodzi ankalandira manambala otsatizana, ndipo mwina banja la mnzawoyo linasunga bwino chikalata chake. Lembaninso dzina la mudzi, la mfumu ndi la boma kumene bambo ankachokera monga mmene zinalili pa nthawiyo, chifukwa pepala lolembera msilikali linkafunsa zimenezi, ndipo ndizo zimasiyanitsa anthu awiri a dzina limodzi.

Kenako ndiye mapepala a boma. Apa ndiyenera kukuuzani mosabisa kuti fayilo ya bambo anu, ya iwo eni, si yapafupi kuipeza. Mafayilo a asilikali olembedwa ku Britain ankasungidwa ndi unduna wa zachitetezo wa dzikolo, ndipo kuyambira mu 2021 okwana pafupifupi 9.7 miliyoni akhala akusamutsidwira ku The National Archives ku Kew, mu London. Koma asilikali akuda ankalembedwa m'maiko a atsamunda, mapepala awo ankasungidwa ku Africa konkuno, ndipo pa nthawi ya nkhondo likulu lowayang'anira, East Africa Command, linali ku Nairobi. Maikowa atalandira ufulu, magulu a Keyala anagawidwa kwa maboma atsopano: mu 1964 bataliyoni yoyamba inasanduka Malawi Rifles, pamene yachiwiri inapita ku Zambia. Motero makalata anu oyamba apite ku likulu la Malawi Defence Force, ku National Archives of Malawi ku Zomba, ndi ku bungwe la asilikali opuma la Veterans and Ex-Service League of Malawi, limene kale linkadziwika kuti CELOM. Kalata ikhale yaifupi. Ikhale ndi nambala, gulu, maina onse amene bambo anagwiritsapo ntchito ndi malembedwe ake osiyanasiyana, zaka zimene mukuganizira, ndi ubale wanu ndi iwo, ndipo muphatikizepo fotokope ya kabuku kaja, osati kabuku kenikeniko. Ku malo osungira zolembedwa zakale, musamangofunsa za asilikali. Funsaninso mafayilo a ma DC a zaka za nkhondo, chifukwa kulemba anyamata, kutumiza ndalama za asilikali kwa mabanja awo ndi kulandira obwerera zinkadutsa m'manja mwa a DC.

Tiyerekeze kuti fayiloyo yasowa. Anthu ambiri amaimira pamenepa, ndipo m'kuona kwanga amalakwitsa, chifukwa zimene ana amafuna kudziwa kwenikweni, zakuti bambo anayenda kuti ndipo anaona zotani, ngakhale m'fayilo ya munthu sizikhalamo mokwanira. Fayilo imangonena masiku: analembedwa, anakwezedwa, anagonekedwa m'chipatala, anatulutsidwa. Nkhani yeniyeni ili m'buku la gulu. Bataliyoni iliyonse ikakhala ku nkhondo inkalamulidwa kulemba zochitika za tsiku ndi tsiku m'buku limene pa Chingerezi amalitcha war diary, ndipo mabuku amenewa anatumizidwa ku London, kumene akusungidwa ku Kew mpaka lero. A nkhondo ya kum'mawa kwa Africa ali m'gulu la mapepala lotchedwa WO 169, a ku Madagascar ali mu WO 174, ndipo a ku Burma ali mu WO 172. Mndandanda wa zosungidwa ku Kew, umene amautcha Discovery, uli pa intaneti ndipo kufufuzamo n'kwaulere. Mukalembamo dzina la bataliyoni ndi chaka, mupeza nambala ya bukulo, imene mungagwiritse ntchito popempha kuti akujambulireni masamba kapena potuma wachibale amene ali ku Britain kuti akajambule yekha.

Musayembekezere kupeza dzina la bambo m'bukumo. Olemba ankatchula maina a akuluakulu achizungu, koma asilikali wamba ankangowawerenga: awiri aphedwa, asanu avulala, makumi atatu adwala. Nthawi zina pa mapepala omatidwa kumapeto kwa mwezi pamakhala mndandanda wa ovulala wokhala ndi manambala, ndipo apa ndi pamene nambala ija imagwiranso ntchito. Koma ngakhale dzina lisapezeke, mudzadziwa kumene gulu lawo linagona usiku uliwonse, mtsinje umene linawoloka ndi tsiku limene linakumana ndi adani.

Mawu awiri amene bambo ankatchula, mvula ndi matope, akundichititsa kuganizira za 11th East African Division, ngakhale ichi ndi chongoganizira chabe mpaka mutaona dzina la gulu m'kabukumo. Gulu lalikulu limeneli linakhazikitsidwa mu 1943, linakaphunzira nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka, ndipo mu Ogasiti 1944 linalowa mu Burma pansi pa Fourteenth Army ya General William Slim. Linapatsidwa ntchito yothamangitsa Ajapani kutsika ndi chigwa cha Kabaw m'kati mwa nyengo ya mvula yamphamvu ya kumeneko, nyengo imene magulu ankhondo kale ankaima kaye kumenyana. Misewu inasanduka phala, galimoto zinkatitimira, chakudya chinkaponyedwa kuchokera m'ndege, ndipo malungo ndi matenda a typhus ankagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo. Anafika ku Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala 1944, ndipo pamenepo panamangidwa mlatho woyandama wotalika mamita pafupifupi 350. Mabataliyoni a ku Nyasaland analimo m'gulu limeneli. Koma bataliyoni yoyamba inali mu 22nd East African Brigade, imene inamenya nkhondo ku Madagascar mu 1942 ndipo kenako inatumizidwa ku Arakan, m'mbali mwa nyanja, kotero kuti asilikali awiri onena kuti anali ku Burma akhoza kukhala kuti sanapondepo malo amodzi. Musadabwenso mukaona kuti tsiku lotulutsidwa ndi la mu 1946 pamene Japan inagonja mu Ogasiti 1945. Sitima zapamadzi zinali zochepa, ndipo asilikali ambiri a ku Africa anadikira miyezi yambiri ku India asanabwerere.

Pali malo ena awiri ofunika kuyang'anako mwachangu. Ngati m'banja mumamveka zakuti bambo anachita chamuna china chake n'kupatsidwa ulemu, maina a olandira mamendulo a kulimba mtima, monga Military Medal, ankasindikizidwa mu London Gazette, nyuzipepala ya zidziwitso za boma la Britain, ndipo makalata ofotokoza chimene munthuyo anachita ali ku Kew mu WO 373. Mamendulo a mtundu umenewu amakhala ndi dzina m'mphepete. Nayo Imperial War Museum ya ku London ili ndi zithunzi ndi makanema a asilikali a ku Africa ali ku Ceylon ndi ku Burma, ndipo zambiri zimaoneka pa intaneti.

Chomaliza kwa inu, amayi, ndi kasungidwe ka zimene mwapeza. Gulani kope, ndipo chilichonse chimene mwalemba muzisonyeza kumene chachokera: ichi ndi cha m'kabuku, ichi ananena azakhali, ichi chili m'buku la bataliyoni tsamba lakuti. Pepala ndi pakamwa zikasemphana, musafulumire kuweruza kuti pepala ndilo loona. Kalaliki wotopa ankalakwitsa, ndipo nkhalamba nayo imasokoneza zaka. Zilembeni zonse ziwiri, ndipo pamene simukudziwa musiyepo mpata, kuti mdzukulu amene adzapitirize ntchitoyi adzadziwe pomwe munalekezera.

FUNSO

A Mkonzi, ine ndinabadwa mu 1943, bambo anga atapita kale ku nkhondo, ndipo sanabwerere. Mayi anga ankati kunabwera uthenga kwa amfumu wakuti anamwalira, koma sitinauzidwe kumene anafera kapena kumene anaikidwa. Kalata iyi akundilembera ndi mdzukulu wanga. Kodi pali njira yodziwira kumene kuli manda awo ndisanatsikire kuli chete?

YANKHO

Bambo, njira ilipo, ndipo kwa amene anafera ku nkhondo ndi yotseguka kuposa ya amene anabwerera. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1917, limasamalira manda ndi zipilala za anthu pafupifupi 1.7 miliyoni amene anafa pa nkhondo ziwirizi ali m'magulu a Britain ndi maiko amene ankalamulidwa nayo. Pa nkhondo yachiwiri limawerengera amene anamwalira kuyambira pa 3 Seputembala 1939 mpaka pa 31 Disembala 1947, kaya anaphedwa ndi mdani, kaya ndi matenda, kaya pa ngozi. Kaundula wake ali pa intaneti ndipo n'ngwaulere. Mdzukulu wanu alembemo dzina la bambo, ndipo likapanda kutuluka ayese malembedwe ena onse amene angawaganizire, kusinthanitsa L ndi R, kuyamba ndi dzina lachiwiri, kapena kulemba dzina limodzi lokha, chifukwa asilikali ambiri akuda analembedwa ndi dzina limodzi. Angathenso kusankha gulu, monga King's African Rifles, ndi chaka, n'kuwerenga maina onse mmodzimmodzi. Ndi ntchito ya madzulo angapo, koma khutu la munthu wodziwa chinenero limazindikira dzina lopotozedwa limene kompyuta singalizindikire.

Dzina likapezeka, padzakhala nambala, udindo, gulu, tsiku la imfa ndi malo. Dziwani kuti lamulo la nthawi imeneyo linali lakuti mitembo isabwezedwe kwawo, choncho manda adzakhala kufupi ndi kumene anafera, mwina ku Kenya, Ethiopia, Madagascar, Sri Lanka, India kapena Myanmar. Mwinanso sipadzakhala manda koma dzina lozokotedwa pa khoma. Amene anafera ku Burma popanda manda odziwika analembedwa pa Rangoon Memorial, m'manda a Taukkyan, pamene pali maina pafupifupi 27,000. Ena ali pa East Africa Memorial ku Nairobi, ndipo pakati pawo pali amene anamira pa 12 Febuluwale 1944, pamene sitima ya Khedive Ismail, imene inanyamula asilikali kuchokera ku Mombasa kupita ku Ceylon, inaphulitsidwa ndi sitima yapansi pamadzi ya Ajapani kufupi ndi zilumba za Maldives. Anthu 1,297 anafa tsiku limenelo, ambiri a iwo a East African Artillery. Mukadziwa tsiku ndi gulu, buku la bataliyoni limene tafotokoza pamwambapa lingakuuzeni zimene zinkachitika tsiku limenelo. Ngati pali chifukwa choganizira kuti anagwidwa ndi adani asanamwalire, bungwe la International Committee of the Red Cross ku Geneva limasunga makhadi a akaidi a nkhondo ndipo limalandira mafunso a achibale.

Ndiyenera kunenanso kuti kaundula ameneyu si wathunthu. Mu 2021 bungwe lomweli linatulutsa lipoti lovomereza kuti pa nkhondo yoyamba, ija akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, anthu osachepera 116,000, ndipo mwina mpaka 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi a ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo nduna ya zachitetezo ya Britain ya nthawiyo, a Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Amtengatenga, amene ankasenza katundu wa asilikali, ndiwo anaiwalika kwambiri. Pa nkhondo yachiwiri maina analembedwa bwinoko, choncho mwayi wanu ndi waukulu, koma dzina likasowa lemberani bungwelo ndi umboni uliwonse umene muli nawo, chifukwa mpaka lero limawonjezera maina umboni ukakwanira.

FUNSO

A Mkonzi, malemu bambo anga anapita ku Malaya, osati ku Burma, ndipo mendulo yawo ili ndi dzina ndi nambala m'mphepete. Munthu wina wandiuza kuti ndikamupatsa mendulo ndi ndalama pang'ono adzatithandiza kulandira chipukuta misozi kuchokera ku Britain. Kodi n'zoona?

YANKHO

Mendulo musaipereke, ndipo ndalama musapereke. Imene muli nayoyo iyenera kuti ndi General Service Medal yokhala ndi kachitsulo kolembedwa Malaya, imene inkaperekedwa chifukwa cha nkhondo yolimbana ndi zigawenga zachikomyunizimu ya 1948 mpaka 1960 ku Malaya, kumene lero ndi mbali ya dziko la Malaysia. Bataliyoni yoyamba ya Keyala inapita kumeneko mu 1952 ndipo yachiwiri inatsatira mu 1953. Mamendulo a maina ngati amenewa amagulidwa ndi anthu osonkhanitsa zinthu zakale, ndipo ichi chikhoza kukhala chimene mnzanuyo akufuna. Palibe ofesi yoona imene imafuna kuti musiye mendulo yeniyeni kuti ikufufuzireni. Chithunzi cha m'mphepetemo chimakwanira.

Dandaulo la malipiro ndi lenileni ndipo lili ndi maziko. Zolembedwa za boma la Britain zimene atolankhani anaziulula mu 2019 zinasonyeza kuti pa kutha kwa nkhondo yachiwiri msilikali wamba wachizungu ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wakuda wa udindo womwewo ankalandira mashiling'i atatu ndi theka. Koma thandizo limene limabwera kudzera ku Royal Commonwealth Ex-Services League limapita kwa asilikali eni ake amene ali moyo ndi kwa akazi awo amasiye ovutika, kudzera m'mabungwe a asilikali opuma a dziko lililonse. Ngati mayi anu alipo, pitani nawo nokha ku ofesi ya bungwe la asilikali opuma mutatenga chithunzi cha mendulo, chiphaso chawo ndi pepala lililonse losonyeza ukwati wawo, ndipo nambala ili m'mphepeteyo muilembe pamwamba pa kalata yanu.